Dilamu Lachiwiri la Ba Amock

Mukatsika minibasi pa msika wa Kabwata n'kufunsa kwa Ba Amock Msoni, anthu adzangoyang'anana. Funsani kwa Ba Bekoni. Ngakhale mayi wogulitsa tomato adzakulozerani ndi chibwano. Mphepo ikakhala bwino simufunikanso kufunsa, mphuno imakufikitsani yokha pageti.

Ba Amock ndi munthu wamfupi, wa manja akuluakulu, wosakonda nkhani zazitali. Anabadwira ku Katete, kumene nkhumba imayendayenda pabwalo ngati mwana wa pakhomo. Ku Lusaka anabwera ali mnyamata, ndipo ntchito anaipeza ku Makeni, pa famu ya mzungu wina wokalamba amene ankaweta nkhumba n'kumagulitsa nyama m'mahotela a m'tauni. Anayamba ndi kutsuka makola. Kenako anawaika kopala ubweya. Pomaliza analowa m'chipinda cha mchere, ndipo mmenemo ndimo anameramo imvi.

Mzunguyo ankakonda kuphunzitsa. Tsiku lina anaimitsa ntchito n'kuyamba kufotokoza kumene bekoni inachokera. Anati kwawo makolo ankapha nkhumba nyengo ya chisanu ikayandikira. Filiji kunalibe, choncho nyamayo ankaikwirira mumchere, kenako n'kuipachika pamwamba pa moto kuti ikafike chaka chamawa. Chinali chakudya cha osauka, mabwana anachitengera pambuyo.

Ba Amock anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bwana, ndiye kuwamba kumeneko," anatero. "Kwathu timachita ndi mbewa."

Mzunguyo sanawaphunzitsenso mbiri.

Famuyo itagulitsidwa n'kudulidwa mapuloti, antchito anagawana zotsala. Ena anatenga malata, ena mawilibala. Ba Amock anatenga dilamu limene ankawambiramo nyama ya pakhomo pa bwana, analikweza pa lole n'kuliimika kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata, pafupi ndi mtengo wa gwafa. Lilipo mpaka lero. Kunja ndi dzimbiri lokhalokha. M'kati ndi lakuda bii, lonyezimira ndi mafuta ndi utsi wa zaka zonsezi. Akazi awo, Ba Bernadette, anayesapo kamodzi kulikwecha litangofika kumene. Nkhani imeneyo pakhomopo saikamba.

Ntchito yake siyovuta kuifotokoza. Amagula nyama ya kumimba kwa nkhumba, ija yosanjikizana mnofu ndi mafuta. Amaipaka mchere, shuga, ndi kamchere kena kapinki kamene mabutchala amagwiritsa ntchito kuti nyama isaonongeke komanso isachite mbuu. Amaigoneka mufiliji, n'kumaitembenuza mpaka italimba. Akaitsuka n'kuiumitsa, amaikoleka pa ngowe m'dilamu, pansi n'kuika makala ochepa ndi tinthambi ta gwafa, pamwamba chiguduli chonyowa. Moto usayake, ungofuka. Kwinako ndi kudikira. Ambiri amalephera pa kudikirapo.

Kale ogula anali azungu ndi ansembe. Masiku ano aliyense. Malo odyera a ku Kabulonga ndi ku Woodlands amaika bekoni pa chilichonse: m'mabanzi, pa pitsa, m'saladi. Mtsikana wina wa kumeneko anawauza monyadira kuti amaithira uchi n'kuiika pa zitumbuwa zachizungu. Ba Amock anamupatsa katundu wake. Atachoka ndiye anati, "Nkhumba inafera zimenezo?"

Lachisanu masana Ba Bernadette amakazinga zidutswa zotsala n'kumaika m'mabanzi, kugulitsa pageti. Pakati pa ogula panali mnyamata wina wa tayi, dzina lake Given. Galimoto ankaimika patali, kuseri kwa mpanda wa oyandikana nawo. Ankagula mabanzi, n'kukadyera m'galimotomo mawindo ali otseka, akatha n'kutafuna chingamu. Ba Amock ankamuona, koma za mmene munthu amadyera chimene wagula si nkhani yawo.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, Pearl, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Woodlands, anawapeza akunola mpeni.

"Adadi, kuli nkhani."

"Kamba."

"Ba Given afuna kutuma anthu ao kuno."

"Uja wobisala kuseri kwa mpanda?"

"Ni ba Sabata kwao, adadi."

"Oo," anatero Ba Amock. "Ndiye n'chifukwa chake."

Ankhoswe anabwera, mbale za ndalama za mwambo zinayenda, zonse zinalongosoka. A kwa Given anali a ku Chelstone, Abemba a ku Luapula, Asabata enieni. Bambo ake, Ba Mulubwa, anapuma ntchito ya m'boma ndipo anali mkulu wa mpingo. Ba Amock ndi Mkatolika wa pa benchi yakumbuyo. Palibe anaona vuto, mpaka pamene nkhani ya chilanga mulilo inafika.

Mwambowu ndi wa Abemba, koma ku Lusaka aliyense anautenga. Akuchikazi amaphika zakudya zonse za pakhomo pawo, azimayi amasenza mapoto okulunga m'zitenje kupita kwa mwamuna, n'kukamuonetsa chimodzichimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti: mwana wathu wakula ndi izi, ndipo iwe ukabwera kwa apongozi udzadya izi.

Woyendetsa zonse anali Ba Regina, mlongo wawo wa Ba Amock, mlangizi wa kutchalitchi, mayi wa mawu ngati wailesi ya m'basi. Anakhala pakhonde n'kuyamba kutchula: nkhuku ya kumudzi, chikanda, kapenta, chibwabwa chotendera, impwa, munkoyo.

"Mbewa ayi, Asabata sadya. Milamba ayi. Ndipo za kuseri kwa nyumbazo, alongo, ngakhale fungo. Mapoto tikabwereka kwina."

"Mwanayu wakula ndi chiyani?" anafunsa Ba Amock.

"Alongo, musayambe."

"Ndangofunsa. Wakula ndi chikanda? Yunifolomu ya kusukulu inamugulira kapenta?"

"Mufuna tikawanyamulire nkhumba anthu a Sabata? Ukwati uthere pageti?"

Ba Amock sanafune zimenezo. Koma anapita kuseri n'kukakhala pafupi ndi dilamu lawo, mtima uli myuu. Azimayi adzatuluka pakhomo pano ndi ng'oma, Kabwata yense akuona, kukanena kwa eni ake kuti nyumba ya Msoni ndi iyi. Ndipo chinthu chokhacho chimene iwo anapanga ndi manja awo moyo wonse adzachitsekera kuchipinda, ngati wachibale woledzera alendo akamabwera.

Ba Bernadette anawalondola ndi kapu ya tiyi.

"Atate ake Pearl, m'masitolo akuluakulu muli bekoni ya ng'ombe. Asilamu amagula."

"Ya ng'ombe si bekoni."

"Nagula paketi imodzi, tiike mu poto, nkhani yatha."

"Ya m'paketi? Mwana wanga?"

"Ndiye pangani yanu." Anaika kapu pansi n'kutembenuka. "Kapena simungakwanitse. Mwakalamba, si mlandu."

Akazi amenewa amadziwa pokanda.

M'mawa mwake Ba Amock anavala jekete la ku Misa, anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukwera ina ya ku Chelstone. Nkhani ngati iyi imayenera kudzera kwa ankhoswe. Iwo anaona kuti ankhoswe aikometsera mpaka isowe mutu. Komanso wa chigawo cha ku Chipata, komwe kuli Katete, ndi Mbemba ndi pachimbuya: uyu amanyozedwa za kudya mbewa, uyo za kudya anyani, amatukwanana pamaliro pomwe popanda wokwiya.

Anapeza Ba Mulubwa akuthirira kabichi, bambo wamtali wa magalasi.

"Ah, ba mbuya! Muli shani? Mwabwela na mbeba m'thumba?"

"Mbewa zatha. Ndamva kuno kuli anyani, ndabwera kudzaona ngati mwasiyako."

Anaseka, anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo Ba Amock sanazungulire.

"Asebele, ine ntchito yanga mukuidziwa."

"Niiziba bwino. Mwana wanga anali kubwela pa Chisanu alikununkha utsi. Ine kuganiza ati ayamba fodya, napemphela, nasala na kudya. Pamene ninaziba kuti ni nkhumba, sininazibe kapena niyamike kapena nilile."

"Ndifuna poto wanga akhalepo pa chilanga mulilo. Bekoni, koma ya ng'ombe."

Ba Mulubwa anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Ng'ombe tidya. Muzaiwambila kuti?"

"M'dilamu."

"Ija yamene ya nkhumba?"

"Ndidzatsuka."

"Ba mbuya, mungatsuke zaka?"

Ba Amock anayang'ana m'manja mwawo. Kukoma konse kwa nyama yawo ankakhulupirira kuti kumachokera m'dilamu lija. Popanda ilo anali munthu wamba wokhala ndi mchere m'manja.

"Dilamu yatsopano," anapitiriza Ba Mulubwa. "Mpeni watsopano, thabwa yatsopano. Nyama tizagula pamodzi, nione na maso yanga. Ndipo mu filiji yanu sizagona. Izagona mu yanga."

"Nyama imafuna kutembenuza."

"Ndiye muzibwela kutembenuza. Mabasi yalipo."

Zinatero. Anagula nyama ya kumimba kwa ng'ombe pa butchala ina ya ku Chelstone, mkulu wa mpingo ataimirira pambali ngati wapolisi. Ba Amock anaipaka mchere m'khitchini ya eni ake, akazi a Ba Mulubwa akusuzumira pakhomo. Kuyambira pamenepo Ba Bekoni a ku Kabwata ankaoneka m'minibasi ya ku Chelstone, kupita kukatsegula filiji ya Asabata, kutembenuza nyama, kumwa kapu ya munkoyo, kutukwanidwa za mbewa, n'kubwerera. Loweruka lokha geti linali lotseka. Nyama nayo inkasunga Sabata.

Dilamu latsopano anagula kwa owotcherera zitsulo, momwe kale munali mafuta ophikira. Analiwotcha mpaka fungo litatha, anaboola pansi, n'kuliimika mbali ina ya gwafa, kutali ndi linzake. Linkanyezimira ngati galimoto ya boma. Iwo sanalikonde.

Nyama yoyamba inatuluka yakuda, youma gwa. Dilamu lopanda mafuta m'kati limatentha msanga, ndipo ng'ombe si nkhumba, siikhululuka. Ba Bernadette anakazinga kachidutswa n'kuyamba kutafuna. Anatafuna. Anapita kukaanula zovala, anabwerako akutafunabe.

"Atate ake Pearl, izi tipangire nkhwaila za mapazi."

Galu wa oyandikana nawo anainunkhiza, n'kuyang'ana Ba Amock m'maso, n'kuchoka.

Tsiku la mwambo linali litayandikira, nthawi yotsala inali yongokwanira kuyesa kamodzi. Pearl anabwera ndi uthenga, maso ali pansi.

"Adadi, ba Given akuti muike chabe mu ija yakale. Akuti badadi bao sazaziba."

Ba Amock anayang'ana dilamu lakale. Zinali zoona, palibe akanadziwa. Nyama ikanatuluka yofewa, yonunkhira, ndipo Chelstone yense akananyambita zala.

"Ukawauze kuti wobisala kuseri kwa mpanda ndi iwo, si ine."

Anabwerera ku butchala ndi Ba Mulubwa. Ulendo uno anasankha nyama ya mafuta ambiri, anachepetsa mchere, ndipo maulendo a minibasi anayambiranso. Tsiku lowamba anaika makala ongokwana m'dzanja, ziguduli zonyowa ziwiri pamwamba, iwo n'kukhala pampando pafupi, dzanja pa chitsulo ngati mayi woyesa mwana malungo. Ogula a ku Kabulonga anaimba foni mpaka kutopa. Itazizira anaidula yopyapyala moti ukaikweza kudzuwa kuwala kumadutsa. Anakazinga kamodzi n'kulawa.

"Bwanji?" anafunsa Ba Bernadette.

"Si nkhumba."

"Nifunsa ngati idyeka."

"Idyeka."

Ngati inali yabwino kapena ayi, iwo sanathe kudziwa. Lilime lawo linazolowera nkhumba.

Mwambo unaikidwa Lamulungu, chifukwa Loweruka akuchimuna sakanalandira alendo. Azimayi anadzaza bwalo, onse m'chitenje chofanana, ng'oma zikulira. Poto wa Ba Amock anali wamng'ono kuposa onse, watsopano. Ba Regina anamukulunga okha, akudandaula.

"Alongo, akakaponya kunja poto uyu, ine nizakamba kuti sinikuzibani."

"Ukatero."

Anamusenzetsa mayi wa kumapeto kwenikweni kwa mzere. Lole inanyamuka, nyimbo zinapita zikuchepa, ndipo pakhomo panatsala Ba Amock, akazi awo ndi Pearl, poti mkwatibwi ndi makolo ake sapita nawo. Mnzake wa Pearl, Stephanie, ankawaonetsa zonse pa foni. Anthu atatu anaunjikana pa kagalasi kamodzi. Anaona azimayi akuimba pageti la ku Chelstone. Anaona Given atakhala pampando, nkhope yaulemu ngati sanaonepo banzi moyo wake wonse. Ba Regina anamusambitsa m'manja n'kuyamba kuvundukula: nkhuku, chikanda, kapenta, impwa. Mapoto anali ambiri. Dzanja lawo litangofika pa kapoto kakang'ono, chithunzi chinaima, kachizindikiro n'kuyamba kuzungulira.

"Mabando ya intaneti yasila," anatero Pearl.

"Gula ena."

"Si yanga, adadi, ni ya Stephanie."

Ba Amock anadzuka n'kupita kuseri. Anasesa pamene anasesa kale. Anasuntha makala kuchoka pakona ina kupita pakona ina. Ba Bernadette anawasiya.

Lole inabwerako dzuwa litapendeka. Ba Regina anatsika mawu atasasa, chitenje chitapotoka, n'kudzigwetsa pampando.

"Madzi poyamba."

"Kamba, Regina."

"Alongo, mwanichititsa thukuta lelo. Nangovundukula chabe, fungo mbwee nyumba yonse. Azimayi a Sabata onse kubwelela kumbuyo. Azakhali ena onenepa anaimilila, chitenje pamphuno, ati, 'Awe! Nkhumba mu nyumba ya ba eluda!' Ng'oma zinaleka. Ine mtima unachoka."

"Given?"

"Apongozi anu? Maso pansi, koma mphuno ili m'mwamba."

"Ndiye?"

"Ndiye atate ake analowa. Ati, 'Imwe, khalani pansi. Iyo ng'ombe ninasankha neka, yagona mu filiji yanga, dilamu ninaiona. Uyu wa ku Chipata akanafuna kutinamiza sembe anatinamiza kudala.' Anatenga kamodzi n'kudya pamaso pa onse. Anatafuna, anatafuna, ati, 'Kansi mwana wanga anali kufela ichi.' Anthu kuseka! Azakhali aja ndiwo anamaliza, anachita kupukuta na buledi."

Anatambasula chitenje n'kuwapatsa poto. Ba Amock anavundukula. Munalibe kanthu, ngakhale dontho la mafuta. Anamutembenuza, anayang'ananso m'kati, n'kumupereka kwa akazi awo.

"Mutsuke payekha. Asasakanikirane ndi enawo."

Pearl anawagwira mkono, misozi ili m'maso.

"Adadi..."

"Iwe, kathandize kutsitsa mapoto."

Ukwati unachitika, anthu anavina mbali ya Akatolika, mbali inayo anaomba m'manja. Lero kuseri kwa nyumba ya ku Kabwata kuli madilamu awiri, lina uku lina uko, gwafa pakati. Mipeni iwiri, matabwa awiri, ndi kafiliji kachiwiri kamene Pearl anagula kuti bambo ake aleke kuvutitsa anthu a ku Chelstone. Amapitabe. Amati akukaona ngati anyani atsalako. Lachisanu dzuwa lisanalowe pageti pamaima magalimoto a anthu amene kale ankadutsa atatseka mphuno. Ba Amock amawagulitsa ya ng'ombe, koma mukawafunsa pambali adzakuuzani kuti imeneyo si bekoni, ndi ng'ombe yophunzira.

Wovutika ndi Given. Tsopano ndi mkamwini, galimoto amaimika pageti penipeni, amalowa pabalaza n'kupatsidwa mbale yake mwaulemu. Tsiku lina dilamu lakale likufuka, mphepo inalowetsa utsi pawindo. Mnyamatayo anameza malovu, anayang'ana kukhitchini, n'kutsitsa mawu.

"Apongozi, kaja kenangu... kang'ono chabe."

"Anakuonetsani pa chilanga mulilo?"

"Iyai, apongozi."

"Ndiye idyani chimene munaonetsedwa."

Anamukankhira mbale ya ng'ombe, n'kutuluka kukaona moto.